Bambo athu atisiya

Abale ndi anzanga, bambo athu atisiya usiku wathawu atadwala kwa nthawi yaitali.

Ambiri munkawadziwa ngati msilikali. Zoonadi, anatumikira mpaka kupuma pantchito, koma za kunkhondo sankakonda kukamba. Mamendulo awo ankangokhala m'bokosi, pansi pa makalata amene ankalembera amayi ali kutali. Makalatawo ndinawawerenga. Za mfuti mulibemo, muli mafunso okhaokha: ana akudya bwino? Wamng'onoyo chifuwa chija chinatha? Fizi mwalipira?

Atabwerera kunyumba, m'mawa uliwonse ankatipolishira nsapato za kusukulu asanagwire zawo. Amayi atadwala, ankawasambitsa okha, osalola wina kuwalandira.

Mtima ukundiwawa kwambiri. Za maliro tikudziwitsani mawa. Chonde muziwakumbukira amayi m'mapemphero anu.