Chipupa cha matabwa chimene chandidyera miyezi itatu

Kalata yomaliza ya khonsolo yafika dzulo, ndiye ndilembe izi mtima udakali m'mwamba. Ndinatenga bala yakale mumzinda wina kuno ku England, nyumba ya m'ma 1890, matailosi obiriwira kunja, magalasi ozokota maluwa mkati.

Za chiphaso cha mowa sizinavute. Kusintha dzina pa premises licence, chiphaso chogulitsira mowa pamalopo, ndi £23, apolisi amapatsidwa masiku 14 oti akane ngati pali chifukwa, basi. Personal licence yanga, chiphaso cha munthu wogulitsa mowa, ija ya £37, ndinali nayo kale.

Nkhani inavuta pa chipupa cha matabwa chogawa chipinda chakutsogolo ndi chakumbuyo. Ndinafuna chichoke kuti malo akule. Ku ofesi ya ziphaso anati pulani ya bala ikasintha pamafunika minor variation, chilolezo chosintha pang'ono chiphaso, £89, ndi chikalata pawindo masiku 10 a ntchito. Ndinalipira, ndinamata. Palibe anatchula zoti chilolezo chawocho sichikhudza nyumbayo. Ndinkadziwa kuti ili pa mndandanda wa nyumba zakale zotetezedwa wa bungwe la Historic England, pa gulu la Grade II, koma ine ndimati amateteza kunja kokha. Ayi ndithu, n'mkati momwe, mpaka kauntala. Anandipulumutsa ndi kalipentala. Atangochigwira chipupacho anati, "Bwana, conservation officer mwamuona? Ine sindikuzula msomali, ndi mlandu umenewu."

Muyambe mwaonana ndi conservation officer, woyang'anira nyumba zakale ku khonsolo, musanalipire kalikonse. Maofesi awiriwa, yake ndi ya ziphaso, ndi a khonsolo imodzi, koma ngati akazi apamitala, salankhulana.

Listed building consent, chilolezo chosintha nyumba yotetezedwa, ndi yaulere, chimenecho chokha ndiyamike. Koma amafuna heritage statement, mbiri ya nyumbayo. Apa ndiye panapita tsiku langa lonse. Lamulo la 2003 lisanayambe kugwira ntchito mu 2005, ziphaso ankapereka ndi amajisitireti, choncho mabuku akale ali ku archives, kosungira zolemba zakale, osati ku khonsolo. Ndinakwera basi, ndinakhala kuyambira m'mawa mpaka kutseka ndikufufuza dzina limene lili pachikwangwani. Mulibe. Bala inasinthapo dzina! Fufuzani ndi msewu komanso dzina la mwini chiphaso. Ndaiwala, pitani ndi pensulo, cholembera cha inki salola.

Ulendo wachiwiri ndinaipeza. Inayamba ngati beerhouse, zija zinabwera ndi lamulo la 1830, pamene munthu ankangolipira ma guinea awiri (ndalama zakale za kuno) n'kuyamba kugulitsa mowa m'nyumba mwake. Ndinapezanso pulani imene anapereka kwa amajisitireti pomanganso nyumbayo. Chipupa chija chilipo, pamalo pomwepo. Umboni wondimana ndinakafukula ndekha, ndi ndalama zanga za basi.

A khonsolo amati yankho limatenga masabata 8, ine ndinadikira 12. Yankho: chipupa chisakhudzidwe, andilola kungotsegulanso kakhomo kamene wina anakhomerera kalekale. £89 ija yapita, sabweza, ndipo pulani yasinthanso, ndiye Lolemba ndikubwerera ku ofesi ya ziphaso. Conservation officer poyamba, anzanga.