Maliro a Dolores

Poti nkhaniyi yafika kale kwa ena a inu itathiridwa mchere wochuluka, ndiyambe ndakonza ziwiri. Masamba aja sanaikidwe pamsewu waukulu, anaikidwa pa kanjira kolowera kumpanda kwathu basi. Chachiwiri, ndinali nditavala. Kabudula ndi chovala, funsani aliyense.

Mayi akunyumba anali kumudzi ndi ana, magetsi anali atathima, koma foni inali yodzaza moto ndipo ndinali ndi mahedifoni atsopano, aja okwirira khutu lonse moti denga litasasuka simungadziwe. Munthu amene anakula akubweza tepi ya kaseti ndi bolopeni kuti mabatire asathe, mukamupatsa usiku wotere amathawira ku nyimbo za ma 90. Ndinayamba mwaulemu, nditakhala pampando, ndi gulu la R.E.M., kamandolini ka Peter Buck kaja ka mu "Losing My Religion". Kenako Oasis. Pofika pa Nirvana ndinali nditaimirira, mthiko uli m'manja, chifukwa "Smells Like Teen Spirit" siimveredwa munthu ali chimanjamanja. Chituluke nyimboyi mu 1991 palibe anamvapo zomwe Kurt Cobain akunena, ndiye apo aliyense amaloledwa kuika mawu ake. Ine ndimaika achichewa.

Mavuto anabwera ndi gulu la The Cranberries. Amene mumaidziwa nyimbo yawo ya "Zombie" mukudziwa malo aja woimba wawo Dolores O'Riordan amathyola mawu, kuwaponya mmwamba, kuwagwetsa, kuwaponyanso. Iye akatero thupi limachita tsemwe. Ine ndikatero, malinga ndi umboni wa aneba, zimamveka ngati mbuzi yomangidwa pa kaliyala wa njinga ikupita kumsika. Ndinaibwereza nyimboyo. Ndinaibwerezanso. Maso ali chitsinzinire, mutu uli chagada, bondo limodzi lili pansi, mthiko ukulira bwino lomwe.

Ndikutsegula maso, ndinaona kuwala. Ndinaganiza kuti magetsi ayaka. Inali tochi ya a landilodi, itandiloza pamimba.

Apa ndipemphe tiime pang'ono, chifukwa mphindi imeneyi ndimaionabe ndikagona. Mawu aja anali asanathe kutuluka. Munthu ukayamba kukoka mawu otero sungangowadula, amayenera atsetsereke okha mpaka pansi, ndiye ndinawamaliza ndikuyang'anizana ndi anthu. Pabalaza panga panalibe mipando, anyamata anali ataitulutsa kale panja. Azimayi anali atakhala pansi motsamira khoma, miyendo atatambalala, mipango ili kumutu, ena atayamba kale kusisima chapansipansi podikira kuti auzidwe dzina. A landilodi chipewa chili pachifuwa. Pawindo ndinaona moto ukuyaka pabwalo, ndipo wina anali kukoka chitsa. Ine bondo pansi, thukuta kamukamu, mthiko nditaugwira chopingasa pamimba, zala za kumanzere zikadali pa nyimbo. M'makutu mwanga magitala anali akadabangula, choncho zonsezi ndinkaziona popanda mawu, milomo yokha ikuyenda. Kamwana kena kanali pakhomo kakudya chimanga chootcha, kakundiyang'ana osaphethira. Kamwana kameneko sindidzakaiwala.

Ndinachotsa mahedifoni.

"Pepani bambo, pepani," anatero mayi a landilodi. "Zimachitika. Tatiuzani, mukulira ndani?"

Tsopano munthu wanzeru akanati palibe. Koma ine mutu unali usanabwerere ku Malawi, ndipo ndinamva ngati akufunsa amene akulira m'mahedifonimo. Ndinati, "Ndi Dolores."

Nyumba inaphulika. "Mayo ine Dolores! Dolores iwe watisiyiranji!" Mayi wina amene sindinamuonepo chibadwire anadzigwetsa pansi nkuyamba kunena kuti anali mwana waulemu.

A landilodi anandikokera pambali kuti tikambe zachimuna. "Zachitikira kuti?"

"Ku London."

"Eee! Ndiye mtembo ubwera bwanji? Ndalama zake zimenezo! Kwawo nkuti?"

"Ku Limerick."

"Ku Limbe konkuno?"

Ndinayesa kufotokoza kuti Limerick ili ku Ireland, koma mawu akuti Limbe anali atadutsa kale pawindo nkukafika pamoto paja. Ndiye anafunsa kuti watisiya nthawi yanji. Ndinati mu Januwale, 2018.

Kulira kunaleka pang'onopang'ono, kuyambira kukhomo kubwera mkati. A landilodi anavala chipewa. "Ndiye uthenga wakupezani lero?"

Apa ndidziteteze, poti palibe wina adzanditeteze. Nyimbo imeneyi ndi ya maliro ndithu. Dolores anailemba bomba la IRA, gulu lomenya nkhondo la ku Ireland, litapha anyamata awiri ang'onoang'ono ku Warrington, ku England, mu 1993, ndipo inatuluka mu 1994 m'chimbale cha No Need to Argue. Ndi mayi wolusa akulira ana a eni ake. Ngati anthu osadziwa gululi, osamva ngakhale gitala mmodzi, anamva mawu anga okha kudutsa khoma la njerwa nkunena kuti apa pagwa zovuta, ndiye kuti uthenga ndinaufikitsa. Alipo oimba amalipiritsa pakhomo koma sanaliritsepo munthu. Ine ndinaliritsa mpanda wonse ndi mthiko. Komanso anthu omwewa akamatsegula ma sipika awo Loweruka mmawa mpaka mbale kugwa pa shelefu, ine sindinapiteko ndi nkhuni.

Zimenezi ndinayesa kuzinena usiku womwewo, ndinafika mpaka pa Warrington, koma anthu anali akutoleratolera zitenje zawo. Mayi uja anadzigwetsa anadzuka, nkudzisasa fumbi, nkundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Bambo aakuluakulu," anatero, nkutuluka. Mipando ndinalowetsa ndekha.

Tambala asanalire kachiwiri foni inalira. Mayi akunyumba. Sanapereke moni.

"Dolores wa ku Limbe ndi ndani?"

Nkhani inali itayenda usiku wonse pa WhatsApp, ndipo pofika kumudzi inali itakula: ndinali ndi mkazi wachibisira ku Limbe, ndinamutumiza ku London ndi ndalama za fizi ya ana, wafera komweko, ndipo ndinapezeka ndikudzimenya ndi mthiko. Ndinati dikirani ndikutumizireni kanema wake muone nokha, anthu oposa biliyoni anauonera pa YouTube, si chinsinsi. Ndinaiwala zomwe zili mu kanemayo. Dolores ali mmenemo atapakidwa utoto wagolide thupi lonse, ataima patsogolo pa mtanda. Panadutsa kanthawi, kenako uthenga unabwera: "Ndiye zafika pa zimenezi?" Lamlungu lotsatira akuluampingo awiri anabwera kudzandichezera, akuti amangodutsa.

Mayi akunyumba anabwerako kumudzi, tinakambirana, zinatha. Mthiko uja anakana kuphikira, ndinagula wina. Mahedifoni amasungidwa m'chikwama mwawo ndipo ndimapatsidwa masana okha, chitseko chili chotsegula. Ana a mumpanda akandiona amayamba kulira chapansipansi, ndipo woyendetsa kabaza wa pa siteji amandiitana kuti "a namfedwa". Inu a pa gulu la mpira, ndamva kuti mwandikonzera dzina lanu, libweretseni, ndatopa kale.

Chatsala ndi mbale ya chipepeso. Inali itayamba kale kuzungulira panja paja, ndipo ndalamazo ndinabweza kwa eni ake kupatula K500 imodzi imene aliyense akuikana. Palinso beseni la ufa limene mayi wina anabweretsa usiku uja. Ufawo tinadya, sindinama. Beseni ndi lobiriwira, losweka pang'ono m'mphepete, mwini wake abwere adzatenge.