Zimene PLC ikudziwa kale, musazilembenso pamanja

Pa makina ofinya mafuta a mpendadzuwa kapena pa jinale ya thonje kuno ku Chipata, mota iliyonse imakhala ndi ma tag ake (maina a zimene zimayang'aniridwa) mu PLC, kakompyuta koyendetsa makina: loyatsira, losonyeza kuti ikuyenda, la overload (chitetezo chozimitsa mota ikalemedwa), ndi la maola amene yagwira. Mamota akakhala 40, ma tag afika 160. Kuwakopera limodzilimodzi mu SCADA, pulogalamu yoonetsa makina pa sikilini, ndi kumene kumachititsa kuti Mota 12 ipse pamene sikilini ikufiira pa Mota 21. Pa maphunziro a automation, ili ndi phunziro limene ndimaliona lolemera kuposa onse: kompyuta iwerenge PLC, ipange yokha ma object, zoimira mota iliyonse mu SCADA.

Ntchito imayambira mu PLC momwemo. Pangani UDT imodzi (mtundu wa deta wodzipangira nokha), muitche Mota, muikemo zinthu zinayi zija, ndipo mota iliyonse itengere mtunduwo. Kenako tulutsani pulojekiti mu pulogalamu yolembera PLC: Studio 5000 imapereka fayilo ya L5X, CODESYS imapereka PLCopen XML, TIA Portal ili ndi Openness, njira yoti mapulogalamu ena aiwerenge. Ngati PLC ili ndi seva ya OPC UA (njira yogawana deta pakati pa makina), script, kapulogalamu kamene mwalemba, ikhoza kufunsa mwachindunji, kawirikawiri pa port 4840. Paliponse pamene script yapeza mtundu wa Mota, kaya mu fayilo kapena pa seva, ipange chithunzi, alamu ndi malo osungira mbiri.

Pamavuta ndi pa makina akale olankhula Modbus (njira ina yolumikizirana makina), amene tili nawo ambiri chifukwa timagula ogwirapo kale ntchito. Modbus ndi ya 1979, ilibe maina kapena mitundu, ili ndi ma bit amodziamodzi ndi ma register (malo osungira manambala) a 16 bit basi. Nambala ya REAL (yokhala ndi desimali) imadya ma register awiri, ndipo opanga ena amayamba ndi lakumapeto. Mukawasemphanitsa, kutentha kwa madigiri 60 kumatuluka ngati nambala yopanda mutu. Palinso kuphonya ndi imodzi: buku likati 40001, pa waya adiresiyo ndi 0. Apa script payokha siingathe, mufunika kuyamba mwalemba tebulo la ma register.

Za sikelo musaiwale. Pa Siemens S7, sensa ya 4 mpaka 20 mA imawerengedwa 0 mpaka 27648, ndipo PLC siidziwa ngati zimenezo ndi malita kapena madigiri pokhapokha mutaika malire a sikelo mu UDT.

Chimene ambiri sachiganizira ndi ulendo wachiwiri. Mukawonjezera mota n'kuyendetsanso script, isafufute zimene munthu anakonza pamanja. Izindikire object ndi dzina lake, osati adiresi, pakuti adiresi imasuntha. Tag ikasowa, iikepo chizindikiro, isaitaye pamodzi ndi mbiri yake.

Musanapereke makina kwa eni ake, mmodzi aime pa panelo adine batani loyesera pa overload iliyonse, wina ali pa sikilini akutchula mota imene yafiira.