Kudzibaya jakisoni wa testosterone popanda kutsimphina mawa lake

Tsopano ndimadzibaya m'mawa, masana ake n'kukwera masitepe a kuntchito bwinobwino. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti zofunika kudziwa zinali zochepa, koma pokupatsani mankhwalawa palibe amene amakhala nanu pansi n'kukuuzani. Ndikulembera amuna anzanga amene adokotala anakuyezani magazi, n'kupeza kuti testosterone wachepa m'thupi, ndipo anakulolani kumadzibaya kunyumba. Timabotolo togula m'chikwama cha munthu ku jimu sindikutikamba pano, chifukwa zimene zili m'kati mwake ngakhale wogulitsayo sangalumbirire.

Mankhwalawa amasungunulidwa m'mafuta, ndipo mavuto onse amayambira pamenepo. Sustanon 250 ndi kagalasi ka 1 ml ka mafuta a mtedza, choncho amene thupi lake limadana ndi mtedza kapena soya awauze adokotala asanayambe. Muli mitundu inayi ya testosterone, ndipo umodzi mwa iyo, propionate, umadziwika kuti umasiya ululu pamalo obayapo kuposa inzake. Testosterone enanthate wa 250 mg pa 1 ml ndi cypionate nawonso ndi amafuta. Nebido ndi nkhani ina: ndi 4 ml yathunthu, 1000 mg, wobaya pakatha masabata 10 mpaka 14, ndipo ameneyo akubayeni anamwino kuchipatala, musamuyese nokha.

Jakisoni mmodzi amafuna singano ziwiri. Ina yokokera mankhwala, ina yatsopano yobayira. Nambala ya G imasonyeza kunenepa kwa singano: nambala ikachepa, singano ndi yaikulu. Yokokera ikhale yaikulu, 18G ya mutu wapinki kapena 21G ya mutu wobiriwira, chifukwa mafuta salowa msanga pa singano yopyapyala. Yobayira ikhale 23G ya mutu wabuluu. Singano imene yaboola mphira wa botolo kapena kugunda pansi pa kagalasi imabuntha kunsonga ngakhale maso sakuona, ndipo kunja kwake kumakhala mafuta amene amapakika m'khungu ikamalowa. Singano yobuntha imang'amba m'malo moboola.

Apa ndi pamene ndinataya tsiku lonse pachabe. M'mafamase ambiri a mu Blantyre muno mukati mukufuna singano zokha, amakuyang'anani modabwa n'kukutulutsirani sirinji yokhala kale ndi singano yake m'pepala limodzi. Ndinachoka m'tauni, kutsika pa Ginnery Corner, kukafika mpaka ku Limbe, ndalama ya minibasi ikungopita, yankho lili lomwelo: "Achimwene, zapazokha sitigulitsa." Kwina anandigulitsa masirinji odzikhoma okha aja, amene chokankhira chake chikafika pansi sichibwereranso, ndipo singano yake inali yomatirira yosachoka. Masirinji amenewo ndi abwino pa katemera, koma pa ntchito iyi ayi: simungasinthe singano, ndipo ngati mankhwala anu ali m'botolo la mphira, mukangopopera mpweya m'botolomo sirinji yakhoma musanakoke n'komwe. Nditawabweza, pepala lili losatsegula, anakana kubweza ndalama. Munthu wogulitsa mankhwala a jakisoni wamafuta osadziwa kuti pafunika singano yokokera, zimenezi sindizimvetsa mpaka lero. Njira yachidule ndi iyi: gulani masirinji awiri pa jakisoni aliyense, ya 5 ml imene kawirikawiri imabwera ndi singano yobiriwira, ndi ya 2 ml imene imabwera ndi yabuluu. Yang'anani papepala musanalipire, muone nambala ya G, kutalika kwa singano, ndiponso ngati singanoyo imachoka. Yobiriwirayo muiike pa sirinji ya 2 ml pokoka, kenako mubwezerepo yabuluu.

Kutalika kwa singano nakonso ndi nkhani. Pa ntchafu ya munthu wochepa thupi, 25 mm imafika mumnofu. Pathako, kapena ngati muli ndi thupi, pamafunika 38 mm. Singano ikafupika, 1 ml yonse imatsala m'mafuta a pansi pa khungu, ndipo ndi pamene pamatuluka chotupa cholimba, choyabwa, chokhalitsa sabata kapena kupitirira.

Kagalasi kamakhala ndi kadontho pakhosi. Kagogodeni ndi chala kuti mafuta amene akwera kumutu atsike, pukutani khosi ndi sipiriti, kutani ndi thonje loyera kapena gozi, kadonthoko kayang'ane kwa inu, n'kuthyolera kutali ndi inu. Mukathyolera mbali ina kamaphwanyika, tizidutswa n'kugwera m'mankhwala, ndipo zikatero tayani. Kagalasi kotsegula sikasungidwa kudikira sabata yamawa.

Mu June ndi July, chiperoni chikagwa, mafuta amenewa amalimba ngati uchi wogonera panja, ndipo kuwakankha pa singano yabuluu kumachititsa dzanja kunjenjemera. Dzanja likanjenjemera nsonga ya singano imavina mumnofu n'kucheka, mawa lake ntchafu ili nyo. Fumbatani kagalasiko m'manja kapena kapanireni m'khwapa kwa mphindi 5 musanathyole. Osati pamoto, osati m'madzi owira. M'firiji musasungemo. Cypionate akazizidwa amatha kuoneka timibulu m'botolo. Titenthetseni m'manja mpaka tisungunuke tonse.

Malo osavuta kudzibaya nokha ndi ntchafu. Gawani ntchafu patatu kuchokera pabondo kufika pachiuno, mutenge gawo lapakati. Kenako pezani mbali yakunja, pakati pa mzere wa ayironi wa kutsogolo kwa thalauza ndi msoko wa m'mbali. Kutsogolo kwenikweni kumawawa kwambiri, ndipo kum'kati kwa ntchafu kumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi, musayandikireko. Amene amakonda pathako agawe thako panayi, abaye gawo la kumtunda chakunja lokha, chifukwa chapakati ndi chakumunsi kumadutsa mtsempha waukulu wotsikira m'mwendo, ndipo kuulasa kungasiye dzanzi kapena phazi lofooka. Kudzipotokola kuti muone kumbuyo kumalimbitsa mnofu, n'chifukwa chake ine ndimati pathako akubayeni wina amene anaphunzitsidwa. Pali malo enanso abwino m'mbali mwa chiuno, koma amenewo pemphani anamwino akuonetseni ndi dzanja pathupi panu.

Khalani pampando, phazi pansi, mwendo ulefuke. Mnofu wokungika umawawa pobaya ndiponso pambuyo pake. Pukutani ndi sipiriti n'kudikira masekondi 30 kuti aume. Kulasa kuja kumene anthu amati ndi mankhwala nthawi zambiri ndi sipiriti wonyowa wolowa ndi singano. Kokerani khungu pambali pang'ono ndi dzanja linalo n'kuligwira pomwepo. Lowetsani singano choimirira, madigiri 90, kamodzi n'kamodzi. Kulowetsa mozengereza kumawawa kuposa kulowetsa msanga. Kokani chokankhira pang'ono kwa masekondi 5. Magazi akaoneka m'sirinji, zulani, musabaye, yambiraninso pena ndi zida zatsopano. Mnofu ukangodumpha kamodzi si vuto, koma ululu wakuthwa wothamangira kumunsi kwa mwendo ukutanthauza kuti mwakhudza mtsempha, zulani.

Tsono kankhani pang'onopang'ono. Mabuku amati masekondi 10 pa 1 ml iliyonse, koma pa mafuta onjezerani, masekondi 30 si ochuluka. Mafuta okankhidwa mwamphamvu amatsegula mnofu mokakamiza. Mukamaliza werengani mpaka 10 singano ikadali momwemo, zulani mowongoka, kenako siyani khungu lija libwerere. Likabwerera limatseka njira ya singano, mafuta osatulukira kunja. Dinikizani ndi thonje louma. Osatikita mwamphamvu.

Ndadumpha za mpweya. Mutakoka mankhwala, imitsani sirinji singano kumwamba, kokerani mafuta onse a m'singano yokokera m'sirinji musanaichotse, apo ayi mumataya gawo la mlingo wanu. Ikanipo yabuluu, gogodani, kankhani mpaka mafuta afike pamutu pa singano. Musalole kuti ayenderere kunja kwa singano. Kathovu kakang'ono kotsala sikoopsa mumnofu. Ndipo ndibwerezenso, singano yokokera si yobayira, ngakhale ikuoneka yatsopano bwanji.

Kuwawa kwa tsiku limodzi mpaka atatu, kumene kukucheperachepera, n'kwachibadwa, makamaka pa mnofu umene sunabayidwepo. Kuyenda kumathandiza kuposa kugona, nsalu yofunda imathandiza, Panado nayenso. Sinthanani miyendo, ndipo musabwerere pabowo lomwelo, chifukwa mnofu wobayidwa malo amodzi umachita zipsera m'kati, singano n'kumavuta kulowa. Ngati mlingo wonse pakamodzi ukukuvutani, funsani adokotala ngati angaugawe kukhala wochepa wobaya pafupipafupi. Musadzisinthire nokha.

Chosafunika kudikira ndi ichi: pamalopo pakufiira mokulirakulira, pakutentha, kutupa kukuwonjezeka pakatha masiku awiri kapena atatu, thupi likutentha, kapena patuluka mafinya. Chimenecho chingakhale chithupsa cha m'kati mwa mnofu, ndipo kuchifinya kunyumba kumangofalitsa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya kwa adokotala anu kaya ku Queens. Chifuwa chodzidzimukira pobaya kapena mutangomaliza chimabwera mafuta pang'ono akalowa m'magazi n'kufika m'mapapo. Kawirikawiri chimatha m'mphindi zochepa, komabe adokotala auzidwe. Chikabwera ndi kubanika, kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kutupa nkhope, thamangirani kuchipatala.

Magazi aziyezedwa monga anakuuzirani. Testosterone amachulukitsa maselo ofiira, ndipo muyezo wa kuchuluka kwake m'magazi, wotchedwa haematocrit, ukapitirira 54% adokotala amaimitsa kapena kuchepetsa mankhwala. Testosterone amachepetsanso mbewu ya abambo, choncho amene akufunabe mwana anene asanabaye koyamba.

Singano zogwiritsa kale ntchito musazibwezere m'zivindikiro zake, ndi pamene anthu amadzilasa chala. Ponyani m'botolo lolimba lapulasitiki la chotsekera chopotokola, liikeni posafika ana, ndipo likatsala pang'ono kudzaza kalisiyeni kuchipatala. M'bini ya zinyalala musaponyemo, chifukwa anthu amene amatola zinyalala mumzinda muno ambiri amagwira ndi manja.