Mwezi umodzi chitulukireni buku langa, apa ndi pomwe ndafika

Lero lakwana tsiku la 30 chitulukireni buku langa la nkhani zifupizifupi, ndiye ndati ndilembeko pomwe ndafika poti ena mwa inu mwakhala mukundifunsa kuti zikuyenda bwanji.

Ndiyambe ndi pulufu, kope loyesera lomwe umaliona buku lisanatuluke, chifukwa ndi imene inandipulumutsa. Failo ndinaikonza ndekha, saizi 5 x 8 inchi, masamba 184, ndipo pa kompyuta zonse zimaoneka zaudongo zedi moti ndinatsala pang'ono kungodina batani lotulutsira osaitanitsa kope loyesera. Mwamwayi ndinaleza mtima. Kopelo litafika, lija limakhala ndi mzere wa Not for Resale pachikuto, ndinapeza kuti mawu ayandikira kwambiri pakati pomwe masamba amamatirana, umachita kulikanula bukulo ndi mphamvu kuti uwerenge bwino. Pa Amazon KDP, pomwe olemba amatulutsira okha mabuku awo pa intaneti, buku la masamba 151 mpaka 300 limafuna mpata wam'kati wosachepera 0.5 inchi, ine ndinangoika 0.5 yomweyo basi poganiza kuti bola ndakwanitsa lamulo. Ndinakweza kufika 0.7, masamba anawonjezekako, zomwe zinatanthauza kuti msana wa chikuto nawonso ukonzedwenso chifukwa kunenepa kwake kumatengera kuchuluka kwa masamba. Papepala pomwepo ndinagwiranso zolakwika 23 zomwe maso anga amangozilumpha pa sikirini ngakhale ndinawerenga kambirimbiri. Chinandithandiza ndi kuwerenga mokweza mawu, kuyambira nkhani yomaliza kubwerera koyambirira, kuti mutu usamangotsatira nkhani koma uziona chilembo chilichonse.

Za ISBN sindichedwapo. Ndi nambala yozindikiritsa buku, ya madijiti 13, ndipo mtundu uliwonse wa buku umafuna yakeyake, la pepala ina, la chikuto cholimba ina. Ndinatenga yaulere ya KDP, ndikudziwa kuti pamalo pa wosindikiza pazilembedwa Independently published komanso sindingaigwiritse ntchito kwina. Kwa buku loyamba ndavomera, lachiwiri ndidzagula yanga.

Tsopano nkhani imene yandidya mutu mwezi wonsewu ndi yolengeza bukuli. Sabata yoyamba ndimangoponya chithunzi cha chikuto pa Facebook ndi pa WhatsApp tsiku ndi tsiku, pansi pake nkulemba kuti latuluka gulani. Anthu anandiyamikira ambiri, mitima yofiira mbwee, ndipo ndinasangalala kuchokera pansi pamtima chifukwa ntchitoyi yanditengera zaka zitatu, koma ndikatsegula lipoti la malonda manambala sakusuntha. Tsiku lina mnzanga wina anandiimbira foni nkundifunsa funso losavuta, akuti kodi bukuli likukamba za chani? Ine ndinayamba kufotokoza, ndinachokera kutali, momwe ganizo linabwerera, anthu a m'nkhani, uku ndi uku, mpaka iye anati chabwino ndamva, koma ndinadziwa kuti palibe chomwe wagwira. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinazindikira kuti ndakhala ndikupempha anthu kuti agule chinthu chomwe mwini wakene sindingathe kuchinena m'chiganizo chimodzi.

Ndiye ndinakhala pansi kulembanso mawu akuseri kwa chikuto aja, kasanu ndi kamodzi konse. Oyambawo amakamba za ine, za chikondi changa pa zolembalemba, zinthu zomwe munthu wosandidziwa alibe nazo ntchito. Atsopanowa akuyamba ndi munthu mmodzi wa m'nkhani yoyamba, chomwe akufuna ndi chomwe chikumutchinga, mizere isanu basi. Ndinasinthanso mawu osakira, omwe amathandiza anthu kupeza buku pa Amazon, KDP imakupatsa mipata 7 ndi magulu atatu oikamo buku, poyamba ndinadzazamo mawu ngati buku labwino, nkhani zokoma, pomwe palibe munthu amalemba zimenezo akamasaka chowerenga. Pano ndaikamo zomwe nkhanizo zikunenadi, za abale olimbirana chuma cha masiye, za munthu wobwerera kwawo patatha zaka zambiri.

Chomwe chasinthadi zinthu ndi ichi: ndinasiya kuponya chikuto, ndinayamba kuponya nkhani yeniyeniyo. Tsamba limodzi, nkudula pomwe mtima wa owerenga uli m'mwamba. Positi yoyamba yotero sinapeze mitima yambiri ngati chikuto chija ayi, koma pansi pake anthu amafunsa kuti ndiye kenako zinatha bwanji, ndipo ofunsawo ndi amene amadina linki yogulira bukulo. Mayi wina yemwe sindimudziwa nkomwe anandilembera kuti nkhani yachitatu waiwerenga kawiri ndipo yamukumbutsa malemu mchimwene wake. Uthenga umenewo ndausunga.

Makope agulidwa 41 pofika lero, a pepala ndi a pafoni pamodzi, ndemanga zilipo zinayi. Ndemanga ndi zovuta kupeza anzanga, munthu amawerenga nkukondwera koma kuti akalembe mizere iwiri mpaka umukumbutse, ndipo ine ndimachita manyazi kukumbutsa kawiri. Achibale akufuna kundithandiza ndawakaniza poti malamulo a Amazon salola ndemanga za abale apafupi kapena zogula, komanso ineyo ndikufuna kumva zoona. Ndaika kapempho kakafupi patsamba lomaliza la buku la pafoni, tione ngati kathandize.

KDP Select, pulogalamu ya Amazon ya mabuku a pafoni, sindinalowe. Amafuna kuti buku la pafoni likhale kwa iwo okha masiku 90, posinthana ndi masiku 5 oligawa ulere ndi mwayi wa Kindle Unlimited, komwe anthu amalipira pamwezi kuti aziwerenga mabuku, koma ine ndikufuna failo ya buku la pafoni, ya mtundu wa EPUB, ifikenso kwa owerenga amene sagwiritsa ntchito Kindle, chowerengera mabuku cha Amazon. Mwina ndikulakwitsa, ndidzaunikanso miyezi itatu ikatha. Ndalama za mwezi uno sindinazione, zimabwera patatha masiku pafupifupi 60 mwezi utatha, ndiye pakadali pano ndikungodikira.

Sabata ikubwerayi ndikufuna ndijambule mawu anga ndikuwerenga nkhani yachitatu ija, mphindi zisanu zokha, ndayesa kale kawiri koma mpweya umandithera pakati pa ziganizo zitalizitali. Ngati alipo wina pano amene anajambulapo zotere ndi foni yokha, ndiuzeniko mumatani kuti phokoso la m'chipinda lisamamveke.