Mayina a nthambi amene Git imalola koma makompyuta athu amakana

Ntchito imene ndinapatsidwa sabata yatha pa ofesi yathu ya ku Salima inali yoyesa mmene Git, chida chosunga mbiri ya zonse zimene zasinthidwa polemba pulogalamu, imachitira ndi mayina achilendo a nthambi. Kagulu kathu kamapanga pulogalamu yolembera malonda a magulu a alimi a mpunga cha ku Lifuwu komanso ogula nsomba ku Senga Bay, ndipo aliyense akafuna kusintha kanthu amatsegula nthambi yake, malo akeake osinthiramo popanda kusokoneza ntchito ya anzake, imene pantchito timangoitchula kuti branch, n'kuipatsa dzina lililonse limene lamubwerera m'mutu. Palibe amene ankalabadira za mayinawa mpaka pamene seva yathu yoyesera inayamba kugwa pa nthambi zina, zina n'kumadutsa bwinobwino, ndipo mkulu wa gulu lathu anafuna kudziwa ngati vuto lili mu Git kapena mwa ife.

Lolemba ndinayambira pa malamulo a Git yeniyeniyo. Linus Torvalds anayamba pulogalamuyi mu 2005, ndipo chaka chomwecho anaisiya m'manja mwa Junio Hamano, amene akuiyang'anirabe. Mu Git muli lamulo lotchedwa git check-ref-format, limene ntchito yake ndi kuyankha ngati dzina ndi lovomerezeka. Git imakana mpata pakati pa mawu, madontho awiri otsatizana, zizindikiro monga ~, ^, :, ? ndi *, dzina lothera ndi dontho kapena ndi .lock, komanso @{ paliponse m'dzinamo. Chilichonse chili ndi chifukwa chake: madontho awiri amatanthauza kale kuchokera pa commit ina kukafika pa ina (commit ndi zosintha zimene zasungidwa pamodzi nthawi imodzi), pamene .lock ndi mawu amene Git imawonjezera pa fayilo ikamailemba, kuti wina asaikhudze nthawi yomweyo. Mbali imeneyi ndinaimaliza nthawi ya nkhomaliro isanakwane, chifukwa chimene Git yakana imachikana chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse, ndipo imanena poyera.

Zovuta zinali m'mayina amene Git imavomereza. Mwa kasungidwe kake kakale, nthambi ndi kafayilo kakang'ono kokhala mu foda ya .git/refs/heads, ndipo dzina la nthambi ndilo dzina la fayiloyo. Choncho dzinalo limayenera kumvera malamulo awiri, a Git ndi a kompyuta imene yasunga fayiloyo. Pa ofesi pathu seva ili ndi Linux, anzanga ambiri ali ndi Windows, ndipo mnzathu wokonza maonekedwe a pulogalamu ali ndi Mac.

Ndinatsegula nthambi ya lifuwu ndi ina ya Lifuwu pa seva, ndipo Linux inazilandira ngati zinthu ziwiri zosiyana. Pa laputopu ya Windows, imene sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'mayina a mafayilo, nthambi ziwirizo zinayamba kulimbirana fayilo imodzi, moti kukoka zatsopano ndi git fetch kunali kusokonezeka nthawi iliyonse. Chimene chinandidya nthawi kwambiri chinali china. Pa Windows pomwepo, ngati lifuwu ilipo kale, Git imakana kutsegula Lifuwu ponena kuti dzinalo lilipo, ndipo zimenezi n'zabwino. Koma Git ikamakonza m'nyumba mwake imasonkhanitsa timafayilo tija n'kutilemba m'fayilo imodzi yotchedwa packed-refs. Nditachita git pack-refs --all, kafayilo ka lifuwu kanachoka, Lifuwu inatseguka popanda chokana, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wofunsa lifuwu ankalandira commit ya Lifuwu. Uthenga wochenjeza panalibe. Lamulo lomwelomwelo limene lakanidwa m'mawa likhoza kudutsa madzulo, malinga ndi zimene Git yachita payokha pakati apo, ndipo kwa woyesa mapulogalamu vuto lotere ndilo lowawa koposa, chifukwa wolidandaula akabwera kudzakuonetsa limakhala litabisala.

Nkhani ya slash, chizindikiro cha /, inali yosavuta kuimvetsa. Ngati pali nthambi ya mpunga, sungatsegule mpunga/kilombero, chifukwa mpunga ungafunike kukhala fayilo komanso foda nthawi imodzi, ndipo Git imayankha kuti cannot lock ref. Amene amavutika ndi munthu amene kompyuta yake ikukumbukirabe nthambi yakale imene pa seva inafufutidwa, ndipo mankhwala ake ndi git fetch --prune.

Lachitatu lonse linathera pa zilembo za Chichewa. Ambiri masiku ano amalemba Malawi, koma alipo amene amalembabe Malaŵi, ndipo chilembo cha ŵ chimalembedwa m'njira ziwiri mu Unicode, ndondomeko yopatsa chilembo chilichonse nambala yake pa kompyuta. Chikhoza kukhala chilembo chimodzi, U+0175, chimene mu UTF-8 chimatenga mabayiti 2, kapena w wamba wotsatiridwa ndi kachipewa kake payekha, U+0302, zonse pamodzi mabayiti 3. Pa sikirini n'zofanana ndendende, koma kwa Git ndi mayina awiri, ndipo pa seva ndinatsegula nthambi ziwiri zooneka ngati mapasa zimene munthu sangazisiyanitse ndi maso. Git ya pa Mac ili ndi core.precomposeunicode yochepetsera chisokonezo chimenechi, koma sithandiza munthu wa pa Linux amene wakopera dzina kuchokera m'kalata.

Kenako ndinafika pa chimene chinkagwetsa seva. Nthambi zonse zimene zinkalephera zinali ndi ka apostrophe ka m'mawu monga ng'ombe ndi pang'ono. Git imakalola kachizindikiroka popanda vuto. Chimene sichinkakalola ndi script yakale ya pa seva (script ndi kapulogalamu kakang'ono ka malamulo otsatizana), imene inkatenga dzina la nthambi, n'kulikuta ndi zizindikiro zomwezo uku ndi uku, n'kulipereka kwa shell, pulogalamu yochita malamulo olembedwa, kudzera mu sh -c kuti ilichite ngati lamulo. Dzina likakhala ndi ng', shell inkaona ngati mawu atsekedwa pamenepo, ndipo zotsalazo zinkakhala zopanda mutu. Kuti ndione kukula kwa chiopsezocho ndinatsegula nthambi yotchedwa ng'$(date)'ombe, dzina limene Git imalivomereza, ndipo m'kaundula wa seva munatuluka tsiku ndi nthawi ya tsikulo. Seva inali itachita lamulo lobisika m'dzina la nthambi. Pamalo pa date munthu wa zolinga zoipa akhoza kuikapo lamulo lofufuta mafayilo kapena lotumiza mawu achinsinsi kwina.

Nditawaonetsa mkulu wathu, anayang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Achimwene, ndiye tingoletsa Chichewa m'mayina a nthambi, aliyense azilemba Chingerezi." Ndinawayankha kuti, "Bwana, Chingerezi nachonso chili ndi kachizindikiro komweko, ndipo wofuna kuwononga safunsa chilankhulo. Chofunika kukonza ndi script ija." Maganizo anga ndi oti lamulo la mayina limateteza ku ngozi za anthu a zolinga zabwino, koma script imene imachita mawu ochokera kunja ngati lamulo iyenera kulembedwanso ngakhale mayina onse atakhala oyera. Tinailembanso kuti dzina liziperekedwa kwa git mwachindunji, popanda kudutsa mu sh -c, ndipo ng'ombe inadutsa. Panatsala kachizindikiro kena kopindika, U+2019, kamene Word imaika yokha pamalo pa kowongoka, ndipo kameneka sikagwetsa script koma kamabala dzina lachiwiri looneka ngati loyamba.

Zotsalazo ndinazidutsa mwachangu Lachinayi. Dzina loyamba ndi kamzere, monga -x, git branch imalikana, koma git update-ref imalipanga, ndipo malamulo ena amaliwerenga ngati mawu osintha kachitidwe ka lamulolo osati nthambi. Nthambi ndi tag, chizindikiro chomatidwa pa commit imodzi, zikakhala ndi dzina limodzi, Git imachenjeza kuti dzinalo ndi ambiguous, kutanthauza lomveka pawiri, ndipo m'malamulo ambiri imasankha tag. Pa Windows mayina monga con, nul ndi aux ndi osungidwa kuyambira nthawi ya DOS, choncho nthambi yotere imavuta kumeneko. Pa ext4, kasungidwe ka mafayilo ka pa Linux, dzina la fayilo limalekezera pa mabayiti 255, koma la nthambi limalekezera pa 250, chifukwa .lock imafuna malo ake asanu.

Lachisanu tinagwirizana lamulo lathu, lopapatiza kuposa la Git: zilembo zazing'ono zokha kuyambira a mpaka z, manambala, kamzere pakati pa mawu, ndi slash imodzi yolekanitsa dera ndi ntchito, monga lifuwu/mitengo-ya-mpunga. Mawu a Chichewa ndi ololedwa, kungoti ng'ombe izilembedwa ngombe m'dzina la nthambi mokha. Lamuloli ndinaliika mu hook ya pre-receive pa seva, kapulogalamu koyang'ana zotumizidwa seva isanazilandire, ndi uthenga wa m'Chichewa wouza munthu chimene chalakwika, chifukwa lamulo longolembedwa papepala limaiwalika sabata isanathe.

Ndinayesanso reftable, kasungidwe katsopano kamene kanalowa mu Git 2.45 mu 2024, kamene sikasunga nthambi iliyonse ngati fayilo payokha. Pamenepo lifuwu ndi Lifuwu zinakhala zosiyana ngakhale pa Windows, koma mpunga ndi mpunga/kilombero zinakanidwabe. Sitinasamukireko, chifukwa makompyuta ena pa ofesi ali ndi Git yakale imene siwerenga kasungidweka. Ntchito imene yatsalira sabata ino ndi kusintha mayina a nthambi zakale zimene zikuphwanya lamulo latsopanoli, kuyambira ndi zimene eni ake adakali kuzigwiritsa ntchito.