Chisoti cha pa kaunjika ndi ulendo wa ku Lilongwe womwe ndinangotaya

Chatha tsopano. Chisoti chija chili pamwamba pa kabati, chili waliwali ngati poto watsopano, ndipo aliyense wolowa m'nyumba muno akumayamba wachigogoda ndi chala kuti amve ngati n'chachitsulo. Si chachitsulo ayi. Ndi chidole cha ana cha pulasitiki chomwe muphwa wanga anatola pa kaunjika ku Kamuzu Road kuno ku Salima pa K4,000, chitatuwa, galasi lake litang'aluka, mkati mukununkha bele. Ndikulemba izi mtima usanazizire bwinobwino, ndiye mundikhululukire ndikamadumphadumpha.

Mnyamatayu amajambula timavidiyo ndi anzake n'kumaika pa Facebook ndi TikTok. Ankafuna chisoti chonga cha mkulu uja wa mu filimu ya pa TV ya The Mandalorian, yomwe inayamba kuonetsedwa mu 2019, chasiliva, chokhala ndi poonera pooneka ngati chilembo cha T. Anabwera nacho mu jumbo. "Amalume, inu mumalemba zikwangwani, penti mumaidziwa. Mungochipopera basi." Ine ndinaseka, n'kumuuza kuti adzatenge Loweruka. Loweruka lakelo linafika patatha masabata asanu.

Musanagule chilichonse, tembenuzani chisoticho muyang'ane mkati. Pamakhala kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala, kapena zilembo chabe, zosonyeza mtundu wa pulasitikiyo. Mukaona ABS, thokozani Mulungu, penti imagwira popanda vuto. Mukaona PP kapena nambala 5, yambani mwakhala pansi. Changa chinali PP, koma ndinaziona nditataya kale zitini ziwiri za supuleyi. Pulasitiki imeneyi ndi yomwe amapangira mabeseni ambiri ndi mipando ija timakhalira pa maliro. Imakana penti, imakana supa guluu, imakana chilichonse. Ndinachipala, ndinapopera yakuda, inauma bwino, yokongola zedi. Mawa lake ndinangokanda pang'ono ndi chikhadabo, penti yonse n'kuyamba kusendeka ngati khungu la mbatata yophika. Ngati chizindikiro palibe, dulani kachidutswa m'mphepete mwa mkati muponye m'kapu ya madzi. PP imayandama, ABS imamira.

Chomwe chinanditonthoza pang'ono n'chakuti vutoli si la ife a ku Salima okha. Zisoti zambiri za asilikali oyera aja a mu filimu ya Star Wars yoyamba, ya 1977, zinapangidwa ku England ndi pulasitiki ya HDPE, m'bale wake wa PP pa nkhani yokana penti. Inali yobiriwira, anachita kuipenta yoyera, ndipo pentiyo inkasupuka filimu ili mkati mojambulidwa. Anthu a ndalama zawo amenewo. Nanga ine wa pakhonde ndi ndani?

Tsono mankhwala ake ndi pulaimala ya pulasitiki, ena amati adhesion promoter. Ndi yamadzimadzi, yosaoneka mtundu, mumapopera mopyapyala kamodzi kapena kawiri penti isanapite. Ndinazungulira mahadiweya a pa boma pano pa kabaza, aliyense akunditulutsira red oxide ya mageti. Kenako mnzanga wina anandipatsa nambala ya shopu ina ya ku Lilongwe. Ndinaimba. Ndinafunsa katatu, ndikubwereza katatu, kuti ndi ya pulasitiki, osati ya chitsulo. Mawu a pa foni aja ndikuwamvabe mpaka lero: "Ilipo bwana, yambirimbiri, ingobwerani."

Ndinanyamuka Lachiwiri. Tsiku limenelo ndinali ndi ntchito yolemba khoma la okala ya mayi wina, ndinawapempha kuti andidikire mpaka mawa. Ndinafika pa depoti 6 koloko, minibasi ikuoneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Inu mukudziwa kale. Theka la anthu aja anali ongokhalamo kuti ikope anthu, wina akakwera mmodzi wa iwo amatsika mwakachetechete. Tinanyamuka 9 itadutsa. Mtunda wake ndi makilomita 100 okha, koma tinaima pa Mvera, tinaima pa Chezi kondakitala akuchita malonda ake a tomato, tinaimanso pena pomwe panalibe ngakhale mbuzi, galimoto itatentha pa chitunda. Ndinalowa m'shopumo dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu.

Mnyamata wa pa kauntala anapita kuseri, n'kubwera ndi chitini cha red oxide.

"Achimwene, ndinanena ya pulasitiki."

"Pulaimala ndi pulaimala bwana, iyi imagwira paliponse."

"Nanga amene ndinalankhula nawo pa foni dzulo ali kuti?"

"Aaa, kaya ndi ndani ameneyo. Dikirani abwana, apita kukadya."

Ndinadikira pa benchi panja mpaka 2 koloko. Abwanawo atabwera, akutokosa m'mano, anandiuza kuti imeneyo inatha kalekale, sanaitanitsenso chifukwa cha vuto la ndalama zakunja. Kalekale! Ndiye "yambirimbiri" ija inali chiyani? M'shopu monse palibe amene anavomera kuti anayankha foni. Pepani wake ndiye sindinamumve n'komwe. Ndinayenda msewu wonse wa Malangalanga ndikulowa khomo ndi khomo, ena sankadziwa n'komwe chomwe ndikunena, ena akuti bwerani sabata ya mawa. Ndipo chopusa chomwe ndinachita, poti ndinkachita manyazi kubwerera chimanjamanja, ndinabwereranso m'shopu momuja n'kugula red oxide yomwe ija. Ndinadziuza kuti mwina mnyamata uja akunena zoona. Sankanena zoona. Inasendeka ngati inzake ija, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano zinyenyeswa zake zinali psuu pakhonde ponse.

Ndinafika kunyumba cha m'ma 8 usiku. Thiransipoti ya uku ndi uku inaposa mtengo wa chisoticho kangapo. Mawa lake ndikupita kwa mayi wa okala uja ndinapeza mnyamata wina ali pa makwerero, walemba kale theka la dzina, zilembo zopendama. Mayi a kunyumba sanayankhule zambiri. Anangoti, "Bambo a Tadala, chidole chimenechi chikatha tidzachiphika?"

Chondiwawa kwambiri sindinachinene. Patatha masiku atatu ndinkadutsa pa galaja ya mkulu wina wowongola ndi kupenta magalimoto, kuseri kwa msika, malo oti ndimadutsa tsiku lililonse. Anali akupopera bampa ya Sienta. Ndinaima, ndinayang'ana bampayo, mutu unandizungulira. Mabampa ambiri a magalimoto a masiku ano ndi a PP. Ndinawafunsa kuti penti imagwira bwanji pamenepo, anangoloza chitini chomwe chinali pansi pa benchi. Nditawafotokozera za ulendo wanga anaseka mpaka kukhala pa tayala. "Safunsa anadya phula, achimwene. Mukanangobwera kuno." Anandipopera okha ndi mfuti yawo ya kompuresa, mphindi khumi, pa mtengo wa Fanta ziwiri. Ndiye ngati muli kuno kapena ku Nkhotakota, musakwere minibasi. Pitani kwa openta magalimoto. Koma poyamba yang'anani mkati mwa chisoti.

Ndaiwala kunena za msoko, umenewu umayamba pulaimala isanapite. Zisoti za zidole zimabwera m'zidutswa ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pakati pamakhala mzere woonekera patali. Ukausiya mzere umenewo, olo upente bwanji chimaonekabe chidole. Supa guluu pa PP sagwira, ndanena kale. Ine ndinalumikiza cha mkati ndi soldering iron, kusungunula pulasitikiyo pang'onopang'ono ngati mmene amachitira okonza ndowa pa msika, ndikuthiramo tizidutswa ta beseni lakale. Chitirani panja, utsi wake umapweteka mutu. Kunja kwake ndinakwecha ndi sandipepa wa 80, n'kuboola timabowo ting'onoting'ono m'mbali mwa msokowo kuti fila ya magalimoto ilowe igwire ngati mizu. Fila muzisakaniza pang'ono pang'ono. Ndi kutentha kwa Salima imalimba musanamalize n'kupaka komwe, woyamba wanga unaumira pa katoni. Kenako kupala ndi sandipepa wa 120, 220, 400, womaliza 600 wonyowetsa ndi madzi. Zotsuka ndi sopo, zomata tepi pomwe simukufuna penti, zimenezo simukufunika kuuzidwa.

Kupala ndiye ntchito yeniyeni. Masiku anayi madzulo aliwonse, zala mpaka kuchita dzanzi. Maso amanama, ndiye tsinzinani muyendetse chala. Pomwe chala chakhumudwa, siliva adzakuyalutsani pomwepo, chifukwa mtundu umenewu subisa kanthu.

Siliva wakenso si wa m'chitini. Ndinayesa pa chivindikiro cha ndowa supuleyi yolembedwa chrome, inatuluka ngati malata akale. Njira yomwe inagwira ndi iyi: mupente chakuda chonyezimira, gloss black, chisalale kuti see, muchisiye chiume masiku awiri kapena atatu, kenako mupake ufa wa graphite ndi kansalu kofewa, mozunguliza, mpaka chiyambe kuwala ngati chitsulo. Ufawo ndi mtima wa pensulo basi. Koma osati mapensulo a HB a ana a sukulu, amenewo ali ndi dongo lambiri, amangotuwitsa. Pezani a 6B a ojambula zithunzi. Chokhacho chanzeru chomwe ndinabwera nacho ku Lilongwe tsiku lija ndi mapensulo asanu a 6B, omwe ndinagula ndikungoyendayenda ndi mkwiyo. Ndinawasenda, n'kupera mitima yake pa sandipepa wa 600, ufa ukugwera m'mbale. Nthawi yomwe ndinapaka koyamba pa tsaya la chisoticho, chakuda chija n'kusanduka chitsulo ndikuona, ndinaitana aliyense pakhomo, ndi aneba omwe. Muphwa wanga anangogwira kukamwa.

Za kupopera, poti ndi ntchito yanga ndiyankhule motsimikiza. Masana osayerekeza. Dzuwa la kuno limaumitsa penti ili m'malere, imafika pa chisoti ili mchenga. Mwera ukayamba ndiye fumbi lonse la m'misewu limathera pa penti yanu yaiwisi. Usiku pansi pa babu, tizilombo. Ndinatola kamodzi, miyendo yake inatsalira pamphumi pa chisoti, ndinachita kupalanso. Nthawi yake ndi m'mawa dzuwa likangotuluka, mphepo isanadzuke. Gwedezani chitini mphindi ziwiri zenizeni, muime patali ngati kutalika kwa rula ya kusukulu, mupopere mopyapyala katatu m'malo mothira kamodzi mokhathamiritsa. Mukamaliza vindikirani ndi katoni yaikulu. Ndipo musasakanize mitundu ya penti mwachisawawa, ya thina wamphamvu pamwamba pa enamel imachita makwinya ngati nkhope ya agogo. Yesani kaye pa chivindikiro cha ndowa. Chilichonse yesani kaye pa chivindikiro cha ndowa.

Galasi la kutsogolo silinandivute. Ndinapeza chotchinga kumaso chija cha nthawi ya korona chili m'sutikesi, ndinadula T, n'kumata tinti ya mawindo a galimoto yomwe mkulu wa pa galaja uja anandipatsa zotsala. Ndinachimangirira cha mkati ndi timabawuti tiwiri, poti guluu ndinali nditasiya kumukhulupirira. Siponji ya matiresi akale pamwamba kuti chisagwedere pamutu.

Kudetsa ndiye komwe tinakangana ndi mwini wake. Iye ankafuna chowala ngati galasi. Ine ndinati chisoti choti munthu wamenya nacho nkhondo sichikhala choncho, ndipo pa kamera chinthu choyera kwambiri chimaoneka chabodza. Ndinatenga polishi ya nsapato yakuda ndi yabulawuni, kupaka m'makona ndi m'mizere ya m'makutu, n'kupukuta msanga kuti ingotsala mokumbika. Mwaye pang'ono wa pansi pa poto cha kuchibwano. Atachiona pa foni anavomera yekha. Vanishi pamwamba pa graphite sindinapake, ndinayesa pa chivindikiro chija ndipo kuwala konse kunazima, kunangotsala kotuwa. Kuipa kwake n'kwakuti aliyense wochigwira amasiya zala zake pamenepo, iyenso n'kuchoka ndi manja akuda. Mumangopukuta n'kupakanso ufa.

Wa njinga yamoto wina anachiona n'kunena kuti ndimugulitse azikwerera. Ndinakana. Ichi n'chidole, mukagwa nacho chimasweka ngati dzira, ndipo poonera pake ndi popapatiza moti galimoto yochokera m'mbali simungaione.

Lamlungu lapitali anakajambulira ku Senga Bay, ine ndinatsatira kuti ndikaone thukuta langa. Mnyamata anachivala, anayenda masitepe khumi pamchenga mwamatama, ana a m'mudzi ali pambuyo pake chigulu, kenako anaima n'kuyamba kupapasa m'malere. "Amalume, sindikuona!" Mpweya wake unali utachita nkhungu pagalasi lonse. Sindinaganizeko zoboola mabowo opumira. Tinabwereka msomali kwa asodzi omwe ankasoka ukonde pansi pa mtengo, tinautenthetsa pa mbaula ya mayi wokazinga usipa, n'kuboola mabowo asanu ndi limodzi pansi pa chibwano pomwe kamera siona. Galasi tinalipaka sopo wouma cha mkati n'kupukuta, anajambula mpaka dzuwa kupendeka.

Pobwerera, tili pa bodi ya lole, anandinong'oneza kuti pa bele lomwe lija waonanso china chofiira, cha Iron Man. Ndinamufunsa ngati wayang'ana mkati. Anati ayi. Ndinamuuza kuti apite akayang'ane kaye, ndipo akapeza 5 asadzere n'kwathu komwe. Chitini cha red oxide chija chikadali pawindo, chatsala theka, mayi a kunyumba akuti ndipentere chitseko cha khola la nkhuku.